Kukaona yunivesite musanalembe fomu: yankho kwa mnyamata wa ku Bembeke

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Bembeke yemwe wakhoza bwino mayeso a MSCE. Iye akuti mtima wake uli pawiri, pakati pa maphunziro a zaulimi ku Bunda ndi a zauphunzitsi ku Zomba, ndipo ali ndi kandalama komwe anapeza atagulitsa mbatata ya kachewere m'mbali mwa msewu. Akufunsa ngati n'kwanzeru kugwiritsa ntchito ndalamayo pa ulendo wokaona sukuluzi asanalembe fomu, pomwe amalume ake akumuuza kuti sukulu amaiona akasankhidwa, ndiponso akufuna kudziwa ngati alonda angamulole kulowa iye asali wophunzira wa pamalopo.

Achimwene, ine ndikuti pitani, ngakhale sindikuwanyoza amalume anuwo, chifukwa mawu awo anali oona m'nthawi yawo. Kuyambira 1965 mpaka pomwe Mzuzu University inayamba kulandira ophunzira mu 1999, yunivesite ya boma inali imodzi yokha, ndipo munthu ankangothokoza kulikonse komwe amutumiza. Lero zilipo 6. Bunda inachoka mu University of Malawi (UNIMA) n'kukhala yunivesite ya zaulimi ya LUANAR mu 2012, yunivesite ya zasayansi ya MUST inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 Polytechnic inasanduka MUBAS, sukulu ya madokotala ndi ya anamwino zinaphatikizana kukhala KUHeS, dzina la UNIMA n'kutsalira ku Zomba. Pa fomu yomwe imadzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, inu ndi amene mumandandalika maphunziro omwe mukufuna, ndipo mukasankhidwa kusintha si chinthu chapafupi. Choncho nthawi yoona ndi ino, cholembera chisanakhudze pepala.

Ngati ndalamayo ikukwanira ulendo umodzi wokha, yambani ndi Bunda, pakuti mukhoza kupita ndi kubwerera tsiku lomwelo. Mukakwera minibasi ya ku Lilongwe m'mamawa, mudutsa pa Dedza boma, Linthipe, Kamphata ndi Nathenje, kenaka mutsike pa Bunda Turn-off musanalowe m'tauni, n'kukwera galimoto ina yolowera ku Mitundu. Ku Zomba n'kutali, mudzera ku Ntcheu, Balaka ndi Liwonde, ndipo ndi bwino kupeza kaye wachibale kapena mnzanu wa kumpingo woti mukagoneko.

Tsiku lopita lisakhale Loweruka, lisakhale la tchuthi, ndipo koposa zonse lisakhale tsiku lopereka madigiri, chifukwa patsikulo udzu amakhala atatchetcha, maluwa ali mbwee, ndipo simungaone sukuluyo mmene imakhalira. Sankhani Lachiwiri kapena Lachitatu maphunziro ali mkati. Za alonda musade nazo nkhawa kwambiri: tengani chitupa cha unzika ndi pepala la zotsatira za mayeso anu, valani mwaulemu, ndipo mukafika pachipata nenani momveka kuti mukufuna ofesi yoona zolemba ophunzira atsopano, yomwe imakhala pansi pa mlembi wamkulu wa sukulu. Munthu wodziwa komwe akupita savuta kumulowetsa. Kuimbiratu foni ku ofesiyo dzulo lake kungakupulumutseni ku ulendo wopita pachabe.

Mu ofesimo musakafunse zomwe zalembedwa kale pa chikalata choitanira ophunzira, monga makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi. Kafunseni kuti maphunziro omwe mukufunawo amayang'ana kwambiri phunziro liti la ku sekondale, pakuti munthu akhoza kukhala ndi mapointi abwino koma n'kusiyidwa chifukwa cha Masamu kapena Biology. Kafunseninso kuti amaphunzitsira pa nthambi iti, chifukwa LUANAR ili ndi nthambi inanso ya Natural Resources College (NRC) kumadzulo kwa mzinda wa Lilongwe, monga momwe KUHeS ilili ku Blantyre ndi ku Lilongwe komwe. Za ngongole ya fizi, yomwe imaperekedwa ndi bungwe la boma loona za ngongole za ophunzira lomwe linayamba ntchito mu 2015, funsani nthawi yomwe mafomu ake amatuluka, ndipo muzikumbukira kuti si aliyense wopempha amene amalandira.

Koma chenicheni chomwe ndikukutumirani si ofesi ayi, ndi malo ogona ndi chakudya. Ine ndinasankha sukulu yanga, yomwe sindiitchula pano, nditangoona chithunzi cha nyumba yake yowerengeramo mabuku pa kalendala ya m'chipinda cha aphunzitsi. Tsiku lofika ndinatsika basi ndi sutukesi ya malemu bambo anga, ndowa, ndi thumba la ufa pamutu, ndili ndi chikhulupiriro chakuti bedi likundidikira. Dzina langa silinali pa mndandanda wa ku hositelo. Dzuwa likulowa ndinali ndikuyendayenda m'mudzi woyandikana nawo, kugogoda khomo ndi khomo, mpaka mayi wina anandionetsa kachipinda kosapaka simenti, ka zenera lotseka ndi katoni, komwe ndinakhalamo miyezi inayi ndikuwerengera pa kandulo. Sindinalephere mayeso, koma ndinaona anzanga anzeru kundiposa akubwerera kumudzi, ndipo chinawabweza si buku koma lendi ndi njala.

Vuto la kuchepa kwa malo ogona lilipo m'mayunivesite a boma ambiri, ndipo ophunzira ochuluka amachita lendi kunja kwa mpanda, monga ku Chikanda kwa amene ali ku Zomba, kapena m'midzi yozungulira Bunda. Ndiye mukatuluka mu ofesi pemphani wophunzira mmodzi akuperekezeni komwe amakhala. Yendani wapansi kuti muyese mtundawo ndi miyendo yanu, mukuganizira kuti njira imeneyo mudzaiyenda usiku pochokera kowerenga, mwinanso mvula ikugwa mu Januwale. Lowani m'chipindamo, gwedezani loko wa pachitseko, funsani kuti amagonamo angati, madzi amatunga pampopi kapena pamjigo, chimbudzi amagwiritsa anthu angati, ndipo magetsi amalipira ndani. Funsani ngati alandilodi amafuna lendi ya miyezi ingapo nthawi imodzi, komanso ngati amalipiritsa pa nthawi ya tchuthi. Nthawi ya nkhomaliro khalani pomwe ophunzira amadyera, gulani mbale imodzi ya nsima, muone kukula kwake ndi mtengo wake, kenaka muwerengere mwezi wathunthu. Ambiri amaphika okha pambaula, ndipo apa inu a ku Bembeke muli ndi mwayi, pakuti thumba la mbatata ndi nyemba lochokera kwanu likhoza kufika ku Bunda tsiku lomwelo.

Pocheza, funani wophunzira wa chaka chachitatu. Wa chaka choyamba akadali wokondwa ndi chitupa chake chatsopano ndipo adzakuuzani zokoma zokhazokha, pomwe wa chaka chomaliza maganizo ake ali kale kofuna ntchito. Mufunseni kuti m'kalasi mwawo anayamba angati ndipo atsala angati, mufunsenso komwe anzawo omwe anamaliza akugwira ntchito. Ku Bunda musachoke musanaone makola a ziweto, maiwe a nsomba ndi minda yoyeserera mbewu, ndipo mudzifunse moona mtima ngati fungo la khola likukusangalatsani kapena mukungofuna digiri ina iliyonse. Mukadzafika ku Zomba, holo yaikulu ya sukuluyo yotchedwa Great Hall muione ndithu, ndi yokongola, koma nthawi yambiri muithere kumbali ya aphunzitsi a maphunziro omwe mukufuna kudzaphunzitsa, mufunse za nyengo yomwe ophunzira amatumizidwa kukayeserera ntchito m'masekondale ndi yemwe amalipira zofunika pa nyengoyo.

Tengani kope laling'ono ndipo mitengo yonse muilembe pomwepo, ya lendi, ya chakudya, ya minibasi ndi yosindikiza mapepala, chifukwa pofika pa Linthipe pobwerera manambala adzakhala atasokonekera m'mutu. Kopelo mukalionetse kwa amalume anu madzulo omwewo, pakuti ndikuganiza kuti lendi ya mwezi woyamba idzachokera m'thumba mwawo.