Laisensi ya OT ku America imayambira pa mapepala a kumudzi

Mwezi watha anandiimbira foni mtsikana wina amene wangofika kumene kuno ku Texas. Kwawo wagwira ntchito ya occupational therapy (mwachidule OT) kwa zaka zingapo, kuphunzitsa odwala sitiroko kudya okha, kuvala ndi kusamba, ndipo amafunsa chipatala chimene angakasiyeko kalata yofunsira ntchito. Ndinamva chisoni, chifukwa inenso ndinafika ndi maganizo omwewo. Zimene ndinamuuza ndi zimene ndikukuuzani inu, abale anga amene muli m'njira kapena mwangotsika ndege.

Kuno kulibe laisensi ya dziko lonse. Chilichonse mwa zigawo 50 chili ndi bodi yakeyake yopereka laisensi. Ku California ndi California Board of Occupational Therapy, kuno ndi Texas Board of Occupational Therapy Examiners, ku New York zimadzera ku dipatimenti ya zamaphunziro. Laisensi ya Texas simungagwire nayo ntchito ku California. Choncho dziwiranitu kumene mukakhazikike, ndipo muwerenge malamulo a bodi ya kumeneko nokha, osadalira zomva pa WhatsApp.

Koma bodiyo siyikupatsani laisensi musanadutse ku NBCOT, bungwe limene limalembetsa mayeso a ma OT m'dziko muno. Ife ophunzira kunja timayamba ndi ndondomeko yotchedwa OTED, pamene amaunika ngati maphunziro athu akufanana ndi a kuno. Apa ndi pamene ambiri amagwa mphwayi. Kuyambira 2007, wophunzira wa kuno sakhala OT popanda digiri ya masters, ndipo nafenso amatiyeza ndi muyeso womwewo. Dipuloma ya ku Moshi ku Tanzania kapena digiri yoyamba ya ku Harare kaya ku Cape Town ndi maphunziro enieni, ndipo ena mwa akatswiri amene ndimawalemekeza kwambiri anachokera kumeneko, koma payokha siyikufikitsani pa mayeso. Ine ndinachita kubwerera m'kalasi kukatenga masters ya OT. Zinandipweteka mtima, ndalamanso zinapita, koma njira ina panalibe.

Tsono mvetserani bwino za mapepala, chifukwa ndi amene amadya miyezi. Amafuna transikiripiti, amafuna silabasi ya phunziro lililonse yosonyeza zimene munaphunzira, amafunanso umboni woti munagwira ntchito yophunzira pa odwala kwa maola 960, omwe ndi masabata 24 athunthu. Mapepala ena sawalandira kuchokera m'manja mwanu, ayenera kuchoka kusukulu kweni kweniko. Ngati mukadali kumudzi, pitani nokha ku ofesi ya sukulu yanu musananyamuke. Sonkhanitsani masilabasi a zaka zimene inuyo munaphunzira, osati a chaka chino, chifukwa maphunziro amasintha ndipo akale amasowa m'mafayilo. Lembani dzina ndi nambala ya munthu wa mu ofesimo. Imelo yochokera kutali imatha kukhala miyezi osayankhidwa, koma m'bale wanu akakhala pabenchi kuyambira m'mawa, pepala limatuluka. Ine anandithandiza ndi mlongo wanga, amene anapitako maulendo atatu.

Dzina linandichedwetsanso. Mapepala a kusukulu anali ndi dzina la bambo anga, pasipoti inali ndi la amuna anga, ndipo pepala lina linalemba dzina langa ndi "l" pamene ena onse ali ndi "r". Kwathu aliyense amadziwa kuti ndi munthu mmodzi yemweyo. Kuno kompyuta imaona anthu awiri. Yalani mapepala anu onse patebulo lero, muone ngati chilembo chilichonse chikugwirizana, ndipo setifiketi ya ukwati ikhale pafupi.

Akakulolani, pamabwera mayeso. Ndi a maola 4, pa kompyuta, ndipo kuti mukhoze pamafunika mapointi 450 pa sikelo yoyambira 300 kulekeza 600. Musanene kuti ndagwira ntchito zaka zambiri, ndikhoza basi. Za thupi la munthu mukuzidziwa, inde. Koma mafunso amakhala a moyo wa kuno: zimene Medicare, inshuwalansi ya boma ya okalamba, imalipira, lamulo la ADA la 1990 loteteza anthu olumala, dongosolo la IEP la maphunziro a mwana wolumala kusukulu, ndi ntchito zimene mungamusiyire wothandizira wanu, amene kuno amamutcha COTA. Kwathu tinazolowera kupanga chothandizira wodwala ndi chilichonse chimene tapeza, ndipo luso limenelo musalitaye, lidzakuthandizani pa odwala enieni. Pa mayeso pokha ganizani ngati munthu amene anakulira m'zipatala za kuno.

Mukakhoza mumapatsidwa zilembo za OTR, zosonyeza kuti ndinu OT wolembetsedwa ku NBCOT. Chonde, zilembo zimenezo si laisensi. Ndaonapo anthu akusangalala n'kuvomera tsiku loyamba ntchito, kenako n'kuchita manyazi kukapempha abwana kuti adikire. Mumapempha NBCOT kuti itumize zotsatira zanu ku bodi ya chigawo, mumadzaza fomu ya bodiyo, mumalipira, ndipo m'zigawo zambiri mumakadinda zala kuti afufuze mbiri yanu. Kuno ku Texas palinso kamayeso ka malamulo a ntchitoyi m'chigawo chino. Bodi ikhoza kufunanso kalata yochokera kumene munalembetsa kale, kaya ndi Medical Council of Malawi, HPCSA ku South Africa kapena HCPC ku Britain, yotsimikiza kuti simunapalamule. Pa mafunso a milandu ndi zilango yankhani zoona. Kanthu kakang'ono kofotokozedwa bwino amatha kukamvetsa, koma bodza likadziwika laisensi imapita.

Podikira musagwire wodwala monga OT, ngakhale wina atakuuzani kuti palibe angadziwe. Ngati viza yanu ikulola kugwira ntchito, funsirani ya wothandiza m'chipinda cha rehab, mmene odwala amaphunziriranso kudzichitira zinthu. Malipiro ndi ochepa, koma ine kumeneko ndi kumene ndinaphunzira kalembedwe ka malipoti a kuno ndi mmene odwala a kuno amafunira kuti uziwalankhula.

Amene mukubwera pa viza ya ntchito muli ndi chikalata china chotsimikizira maphunziro anu ku ofesi yoona zolowa ndi kutuluka, ndipo chimafuna mayeso a Chingerezi monga TOEFL. Musadabwe. Ngakhale munaphunzira m'Chingerezi kuyambira ku pulayimale, amene amakhululukidwa ndi ophunzira ku Britain, Ireland, Australia, New Zealand, Canada kupatula Quebec, ndi kuno ku America. Gawo lolankhula likonzekereni mwapadera.

Laisensi ikatuluka, lembani pakalendala tsiku limene idzathe. Kuno ku Texas timaikonzanso pa zaka ziwiri zilizonse, ndipo pamafunika maola 24 a maphunziro owonjezera. Masetifiketi a maphunzirowo ndimawasunga mu envelopu imodzi ndi masilabasi aja anabwera kuchokera kumudzi. Mtsikana uja ndamuuza kuti Loweruka abwere kunyumba ndi mapepala ake onse, tidzayambe ndi kuona maina.