Coartem ndi waulere, koma amathera kutali ndi mudzi

Achemwali, mwafunsa kuti ngati boma ndi mabungwe akunja amalipirira mankhwala a malungo, bwanji kumidzi anthu akuthamangirabe panado wa pagolosale mwana akatentha thupi. Ine ndinakulira cha ku Domue, ku Angónia m'dziko la Mozambique, ndiye nkhaniyi imandikhudza kwambiri.

Thandizolo lilipo ndithu, tisalinyoze. Coartem, mankhwala a malungo aja, kuchipatala cha boma sitigula, ndipo mabungwe ngati Global Fund amaikapo ndalama zambiri. Mukafunse mtengo wake ku farmácia, sitolo ya mankhwala, mumzinda wa Tete, mudzamvetsa katundu amene anatitula.

Vuto ndi lakuti kumudzi chimene chimadya ndalama ndi ulendo. Malungo amakula nthawi ya dzinja, January ndi February, pamene chimanga chili m'munda, nkhokwe yapepuka, m'thumba mulibe kanthu. Mwana wa mlongo wanga anadwala nyengo ngati imeneyo. Mtsinje unali utadzaza, wanjinga yamoto anakweza mtengo, mayi ake anagulitsa nkhuku ziwiri kuti ayende. Atafika anauzidwa kuti mankhwala atha, abwere mawa. Munthu wotere, ulendo wina mukamuuza kuti ndi zaulere, akumverani? Agula panado, thupi lizizire pang'ono, uku tizilombo tikuchulukana m'magazi.

Mayiko ena anayesa njira ina. Kuyambira 2010, ku Ghana, Kenya, Nigeria, Tanzania ndi Uganda, Global Fund inkalipira mbali yaikulu ya mtengo kwa opanga mankhwala kuti afike m'masitolo ali otsika mtengo, paketi yake ili ndi chizindikiro cha tsamba lobiriwira. Mozambique sinali m'gululo. Mitengo inatsikadi m'malo ambiri, mankhwala n'kumapezeka ngakhale kutali ndi tauni. Koma ambiri ankagula osayezetsa magazi, pamene si kutentha thupi konse kumene kuli malungo. Mwana wa chibayo mukam'patsa Coartem mwam'chedwetsa.

N'chifukwa chake ine ndimadalira kwambiri ma APE, azaumoyo a m'mudzi aja. Amabaya chala kuyeza malungo, pakapita mphindi 15 kapena 20 zotsatira zatuluka, mankhwala akupatsani pomwepo pakhonde. Kwa ife akutali, thandizo la boma limaoneka chikwama cha APE chikakhala chodzaza. Chikauma, amfumu ndi komiti ya zaumoyo azikanena kuchipatala msanga, osadikira maliro.

Chinanso chimene mtunda umatiphunzitsa molakwika ndi kusunga mapiritsi. Wamkulu amamwa mapiritsi 24 a Coartem, anayi m'mawa anayi madzulo kwa masiku atatu, atadya kanthu kamafuta monga phala la nsinjiro. Ambiri akapezako bwino tsiku lachiwiri amasungira mwana otsalawo poopa ulendo wina. Chonde malizani onse. Ndipo mwana akayamba kukomoka, kusanza chilichonse kapena kukana bere, musadikire kuti kuche, nyamukani usiku womwewo.