Zithunzi zatsamwitsa database yanga, nditani?

FUNSO: Zikomo akonzi, ine ndine kalaliki pa sukulu ina ya pulayiveti kuno ku Dedza. Ndinapanga ka database mu Microsoft Access kosungiramo mayina a ana, kalasi, manambala a makolo komanso chithunzi cha mwana aliyense chomwe ndimajambula ndekha pa foni. Vuto ndi loti chithunzicho pa fomu sichioneka, pamangobwera kachizindikiro, mu tebulo mumangolembedwa kuti Package, ndiye sabata yathayi yangoyamba kukaniratu, ikumalemba kuti "Cannot open database" ati mwina fayilo yawonongeka, chonsecho ana ndalowetsamo sanakwane n'komwe 400. A hedi akufuna ma ID mwezi uno, mutu wanga waima.

YANKHO: Pepani achimwene, koma mtima m'malo, nthawi zambiri zoterezi mayina aja amakhala alimo bwinobwino. Musanakhudze china chilichonse tsekani Access, mukopere fayiloyo pa fulashi, zoyeserera zonse muzipangira pa kopeyo. Kenako dinani kumanja pa fayiloyo, Properties, muone kukula kwake. Ine ndikukhulupirira mupeza ili pafupi 2 GB, ndipo khoma la Access lili pomwepo, fayilo imodzi siingadutse 2 GB kaya kompyuta yanu ndi yamphamvu bwanji.

Tawerengerani nokha, chithunzi cha foni za masiku ano chimatha kufika 4 kapena 5 MB, ana 400 ndiye kuti mwadya kale 1.6 GB kapena kuposa, ndiye palinso zija munayika n'kufufuta chifukwa mwana anatsinzina kapena kolala inapindika, zimenezo malo ake sabwerera okha, Access imangowasunga mpaka muifinye.

Za Package zija gwero lake ndi mtundu wa field (danga la mu tebulo) womwe munasankha poika zithunzi, OLE Object. Imeneyo ndi njira yakale kwambiri, Access siionetsa yokha chithunzicho, imadalira pulogalamu ina pa kompyutapo kuti iionetsere. Kale ntchitoyi ya ma JPEG imagwiridwa ndi Microsoft Photo Editor koma anaichotsa kuyambira mu Office 2003, ndiye Access ikasowa woithandiza imangokulunga chithunzicho ngati phukusi n'kuchiponya mkati. Ndipo olo chitaoneka, OLE imasunganso kope lina losafinyidwa, chithunzi chochepa chimatupa kangapo konse. Ine field imeneyi sindilangiza munthu, olo pang'ono.

Kupulumutsa fayilo: ngati ikutseguka, onetsetsani kaye kuti zithunzi zonse zilipo pa foni kapena mu foda ina, kenako fufutani field ya zithunziyo, mupite pa Database Tools, Compact and Repair Database, kufinya kuja ndi kumeneku. Pangirani pa laputopu ya batire yodzadza, magetsi akathima ili pakati pofinya mukhoza kuionongeratu. Ikakana kutseguka, yambitsani database yatsopano yopanda kanthu, pa External Data mukokere matebulo enawo, koma tebulo la zithunzilo musalikoke lonse, lilumikizeni ndi link, kenako mupange Make Table query (lamulo lopanga tebulo latsopano) yotenga ma field onse kusiya wa chithunziwo.

Pomanganso pali njira ziwiri. Ngati fayilo yanu ndi ya .accdb, kuyambira Access 2007 muli field yotchedwa Attachment, imaonetsa JPEG popanda vuto, fayilo ya mtundu wakale wa .mdb ilibe zimenezi. Komabe zithunzizo zimakhalabe mkati, khoma la 2 GB lija likudikirirani.

Yomwe ndimakonda ine ndi iyi, zithunzi zikhale mu foda yawoyawo, tinene C:\Sukulu\Zithunzi, chilichonse muchipatse dzina la nambala ya mwana, 0125.jpg choncho, osati dzina chifukwa a Chisomo Banda pa sukulu amatha kukhala atatu. Mu tebulo muike field ya Short Text yongolembamo komwe chithunzicho chili, imalola zilembo 255, zokwana. Pa fomu ikani Image control, Control Source yake muloze ku field imeneyo, basi, mukamasuntha ana chithunzi chizisintha chokha, database yonse n'kutsala ma MB ochepa. Chosamala n'choti fodayo musamaisunthe kapena kuisintha dzina, ndipo isakhale pa fulashi poti kompyuta lero imaipatsa chilembo E mawa F, zithunzi zonse n'kusowa pa fomu. Mukamasunga kope muzikopera zonse ziwiri, database ndi fodayo, ndipo fulashiyo isamayendeyende m'manja mwa aliyense, muli nkhope za ana a eni ndi manambala a makolo awo.

Ndipo chepetsani zithunzizo, cha pa ID sichifuna 5 MB. Tsegulani mu Paint, Resize, musankhe Pixels, mulembe 400 mulifupi, musunge ngati JPEG, chitsika osakwana 100 KB koma nkhope ikuoneka bwinobwino pa khadi. Yesani kaye ndi ana asanu, musindikize, a hedi aone, kenako mupitirize ndi kalasi yonse.