Mwana wanga akufuna udokotala wa atsikana, ulipodi?

Mayi wina wa ku Zomba wafunsa kuti: "Mwana wanga wamkazi ali Fomu 3, akuti akufuna adzakhale dokotala wa matenda a amayi koma woona ana ndi atsikana okhaokha. Bambo ake akuti mwana wamng'ono angadwale chani cha azimayi, angochita unesi basi. Ntchito imeneyi ilipodi kapena wangoziona pa foni?"

Mayi, ntchitoyi ilipo ndithu, pachingerezi amati pediatric and adolescent gynaecology, ndipo siyalero ayi, kiliniki yoyamba anatsegula ndi dokotala Rudolf Peter ku Prague mu 1940. Bambowo muwapatse chitsanzo ichi. Mtsikana wa zaka 15, mabere anamera kalekale, anzake onse akusamba iye ayi, koma mwezi ndi mwezi akumagubuduka ndi m'mimba ndipo pachinena payamba kutupa. Ena ayamba kunong'ona kuti ndi pathupi, agogo akuti amulodza. Chonsecho mwanayo anabadwa kanembanemba ka kunjira kali kotseka ndiye magazi akungounjikana mkati, dokotala wodziwa amatsegula ndi ka opareshoni kakang'ono ku fiyeta nkhani nkuthera pomwepo. Palinso atsikana obadwa opanda chiberekero, vuto lotchedwa MRKH, limagwera mtsikana mmodzi mwa pafupifupi 4,500, palinso ana oyamba kumera mabere asanakwane zaka 8, otaya magazi ambiri mpaka kumajomba kusukulu, ndi ana ogwiriridwa amene amafunika manja ofatsa komanso lipoti loti likaime kukhoti. Amenewa kuwaika pa mzere umodzi ndi azimayi a sikelo sizimayenda, mwana amangouma pakamwa osanena chomwe chikumupweteka.

Koma njira yake ndiyaitali, apa ndisakunamizeni. Ayambe wakhoza MSCE ndi mapointi otsika kwambiri, makamaka Biology, Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingerezi, afunsire malo kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, kuti akalowe ku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo ku Blantyre, ija tinkaiti College of Medicine isanaphatikizane ndi Kamuzu College of Nursing mu 2021. Kumeneko ndi chaka chimodzi cha foundation kenako zaka 5 za MBBS, digiri ya udokotala, akatero internship miyezi 18 kuti a Medical Council amulembe m'kaundula, ndiye zaka zina 4 za MMed ya Obstetrics and Gynaecology, spesho ya za uchembere ndi matenda a amayi. Mukawerenga zala zatha kale. Za ana ndi atsikanazo zimabwera pamwamba pa zonsezi, ambiri amakachitira kunja, ku America maphunziro apamwambawa, amati fellowship, nthawi zambiri ndi zaka 2 ndipo ali ndi bungwe lawo NASPAG, ku Britain kuli BritSPAG, la dziko lonse ndi FIGIJ lomwe limalembetsanso mayeso ake. Za fizi, ku yunivesite kuli ngongole ya Loans Board, za spesho zija anthu amasaka ma scholarship ali kale pantchito.

Chomwe chimandisangalatsa ine ndi kafukufuku wake. Ku Belgium madokotala anachotsa thumba la mazira la mtsikana wa zaka 13 wodwala sickle cell asanalandire mankhwala amphamvu opha mazira, analisunga mu chisanu, atakula anamubwezeretsa tizidutswa take ndipo anabereka mwana mu 2014. Chaka chomwecho ku Gothenburg, Sweden, mayi wobadwa opanda chiberekero anachira mwana wamwamuna atamuika chiberekero cha munthu wina. Zimenezo ndi za kumeneko, kwathu kuno mafunso ndi ena ndipo ngosowa owafufuza. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko lonse la Malawi, MDHS, wa 2015-16 anapeza kuti atsikana 29 pa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kapena ali oyembekezera, ndiye wobereka thupi lisanakhwime ndi amene amakathera ku Fistula Centre ya pa Bwaila, kothandiza amayi ongotaya mkodzo chifukwa chovulala pobereka. Likodzo la ku Mangochi limalowanso kunjira ya atsikana mpaka ena kumaliyesa matenda opatsirana pogonana, mwana nkulandira mbama kunyumba alibe mlandu. Katemera wa HPV woteteza khansa ya khomo la chiberekero anayamba mu 2019 kwa atsikana a zaka 9, koma makolo ena amabisabe ana ati ndi wolera. Mwana wanuyo angadzalembe za zimenezi ali konkuno, ku mabungwe a kafukufuku wa zaumoyo monga MLW ku Blantyre kapena UNC Project ku Lilongwe, asanakwere ndi ndege yomwe.

Za unesi sindikunyoza ayi, anesi ndi azamba ndi amene mtsikana amayamba kukumana nawo pa health centre, ndipo ngati mapointi avuta imeneyo ndi njira yabwino yofikira atsikana omwewo. Kungoti asasankhe chifukwa bambo aona manyazi. Panopa mayi mupite kusukulu mukaone ma report ake a Chemistry ndi Physics a matemu awiri apitawa, poti atsikana ambiri amene ndimacheza nawo Biology amakhoza bwinobwino koma amakagwera pamenepo, ndiye ngati pakutsimphina mumupezere mphunzitsi wapadera chaka chino Fomu 4 isanamupeze.