Wapeza 58, nanga walephera bwanji?

Mayi wina wa ku Namwera wandilembera imelo. Mwana wawo wamkazi ndi dokotala, ndipo analemba mayeso ofuna chilolezo chogwirira ntchito kunja. Anapeza 58 pa 100, koma amuuza kuti walephera. Mayiwa akufunsa kuti: "Kodi theka si 50? Nanga mnzake anakhoza bwanji chaka chatha ndi 57?"

Mayi, pepani kwambiri. Ndikudziwa ndalama ndi tulo zimene zapita pamenepo. Komabe manambala amenewa paokha sakusonyeza kuti mwana wanu amubera. Pa mayeso ambiri a madokotala malikisi okhozera sakhala pa 50 chikhalire, amachita kuwapeza pa pepala lililonse.

Njira yofala kwambiri ndi ya William Angoff wa ku America, ya m'chaka cha 1971. Bungwe la General Medical Council ku Britain limaigwiritsa ntchito pa gawo loyamba la mayeso a PLAB, amene amalemba madokotala ophunzira kunja ofuna kukagwira ntchito m'dzikolo. Amasonkhanitsa madokotala okhwima pa ntchito n'kuwauza kuti aganizire wophunzira wa pamalire, uja amene si katswiri koma mungamusiyire wodi usiku mtima uli m'malo. Kenako pa funso lililonse aliyense amanena kuti mwa ophunzira 100 otere, angati angayankhe molondola.

Ine ndinakhalapo pa gulu lotere kuno ku Mangochi, tikukonza mayeso a ophunzira athu. Munali mu Okutobala, fani ikungozunguza mpweya wotentha, mapepala akumata m'manja. Funso lina linali la mwana wa zaka 3 amene wabwera akukomoka, thupi lili juu, magazi asonyeza malungo. Mankhwala oyamba ndi ati? Yankho lake ndi jakisoni wa artesunate. Ine ndinalemba 90, poti aliyense amene waponda m'wodi ya ana nthawi ya dzinja waziona zimenezi. Mnzanga analemba 70. Iye anati pa mayankho osankhapo panalinso LA ndi kwinini, ndipo wophunzira wofooka akhoza kuthamangira LA, kuiwala kuti mwana wokomoka sangameze. Tinakambirana mpaka tiyi anazizira, ndipo ine ndinatsika kufika pa 80. Funso lotsatira linali la matenda osowa amene ambirife tinangowawerenga m'mabuku, tonse tinalemba cha m'ma 30 osakangana.

Akatenga avereji ya mafunso onse, ndiye malikisi okhozera amenewo. Pepala likakhala lofewa amakwera, likakhala lolimba amatsika. Choncho 57 wa chaka chatha akhoza kulemera kuposa 58 wa chaka chino.

Njira zina ziliponso. Ya Nedelsky, ya 1954, imawerenga mayankho olakwika amene wophunzira wa pamalire angathe kuwachotsa. Ya Ebel imasanja mafunso potengera kulimba ndi kufunika kwake. Pa mayeso ochita ndi manja otchedwa OSCE, amene Ronald Harden ndi anzake anayambitsa ku Dundee m'ma 1970, woyesa amachonga zimene wophunzira wachita, n'kunenanso mmene wamuonera: wakhoza, ali pamalire kapena walephera. Malikisi okhozera amachokera pophatikiza ziwirizi.

Imene sindigwirizana nayo ndi yongoti 70 oyambirira mwa 100 akhoze, otsalawo agwe. Chaka chimene kalasi yonse ndi yofooka, ndiye kuti mwatumiza anthu osakonzeka kukagwira odwala.

Angoff nayenso ali ndi pofooka pake, chifukwa zonse zimadalira amene akhala patebulo. Dokotala wa chipatala chachikulu cha mumzinda ndi kiliniko ofesala wa ku Makanjira, kumene ambulansi imatenga nthawi kuti ifike ku boma, saona wophunzira wa pamalire mofanana. N'chifukwa chake ine ndimafuna kuti gululo likhale losakanikirana, osati anthu atatu a dipatimenti imodzi.

Muuzeni mwana wanu aone bwino kalata ya zotsatira. Nthawi zambiri amalembamo malikisi okhozera a ulendo umenewo ndi mmene wachitira gawo lililonse. Ngati wagwera pa matenda a ana kapena a amayi oyembekezera, ayambire pamenepo asanalipire ulendo wina.