Mwana wanga ndimulembetse pa sukulu ya charter? Yankho kwa mayi wa ku Houston

Mayi wina wa ku Malawi amene akukhala ku Houston, m'boma la Texas, wanditumizira imelo. Mwana wawo wamwamuna akumaliza giredi 4, masamu akumuvuta, ndipo anzawo akutchalitchi akuwauza kuti amulembetse pa sukulu ya KIPP, gulu la sukulu za mtundu wotchedwa charter ku America. Akufunsa kuti: "Kodi sukulu zimenezi ndi za boma kapena za pulaiveti? Akuti n'zaulere, koma ine zaulere zimandikayikitsa. Nanga n'zoona kuti ana amawapanikiza ndi malamulo?"

Mayi, poyamba mtima ukhale m'malo pa nkhani ya ndalama. Sukulu ya charter imayendera ndalama za misonkho ngati sukulu ina iliyonse ya boma, ndiye fizi kulibe. Kusiyana kwake n'kwakuti amene amaiyendetsa ndi bungwe loima palokha, limene lapangana ndi boma kuti lipatsidwe ufulu wosankha aphunzitsi, nthawi yoweruka ndi kaphunzitsidwe, koma likalephera kuonetsa zotsatira, chilolezo chilandidwe. Zikufananako pang'ono ndi sukulu za mishoni zothandizidwa ndi boma kwathu kuja. Lamulo loyamba lololeza sukuluzi linakhazikitsidwa ku Minnesota mu 1991, ndipo Texas inatsatira mu 1995. Mayeso olowera kulibe. Ofuna malo akachuluka kuposa mipando, amachita maere.

KIPP inabadwira mumzinda wanu womwewo. Mu 1994 aphunzitsi awiri achinyamata, Mike Feinberg ndi Dave Levin, anayamba ndi ana a giredi 5 ochokera m'mabanja osauka, ndipo chaka chotsatira panali sukulu ziwiri, ina ku Houston, ina ku South Bronx mu New York. Zambiri anaziphunzira kwa mphunzitsi wachikulire, Harriett Ball, amene ankaphunzitsa masamu ndi nyimbo, ana akuwomba m'manja ndi kumenya madesiki poloweza matebulo. Anasankhiranji msinkhu wa giredi 5 mpaka 8? Ndi pamene mwana wotsalira amatayikiratu. Akalowa sekondale asakudziwa mafulakishoni, alijebura imamugwetsa, kenako amayamba kunena kuti sukulu si yake.

Chinsinsi chawo sichinali chozizwitsa ayi, inali nthawi. M'zaka zoyambirira ana ankalowa 7:30 m'mawa n'kuweruka 5 koloko madzulo, Loweruka lina ankabweranso, ndipo tchuthi chachitali ankachidula ndi masabata angapo a maphunziro. Mphunzitsi ankapereka nambala yake ya foni kuti mwana akakanika homuweki usiku amuimbire. Kholo, mwana ndi mphunzitsi onse ankasaina pepala lolonjeza kuti aliyense achita mbali yake. Masiku ano sukulu zambiri za KIPP zinafupikitsako tsiku, mwa zina chifukwa aphunzitsi ankatopa n'kusiya ntchito, koma mfundo ya maola ochuluka ikadalipo.

Nanga zimathandizadi? Apa ndi pamene maere aja amagwira ntchito ina. Ofufuza amatha kuyerekeza ana amene anapeza malo ndi amene maere anawakana, popeza onse anachokera m'mabanja amene anafuna sukuluyo. Bungwe la Mathematica linafufuza sukulu za KIPP za giredi 5 mpaka 8 ndipo mu 2013 linapeza kuti ana ake amapita patsogolo kwambiri pa masamu ndi kuwerenga. Kafukufuku wa maere ku Boston anapezanso zofanana pa sukulu za charter za mumzinda. Koma musamve ngati chilichonse chotchedwa charter n'chabwino. Gulu la CREDO la pa yunivesite ya Stanford mu 2009 linapeza kuti pa masamu sukulu za charter 17 pa 100 zilizonse ndi zimene zinkaposa sukulu wamba, pamene 37 pa 100 zinkachita moipa kuposa sukulu wambazo. Lipoti lawo la 2023 linaonetsa kuti zinthu zasintha ndipo pakatikati sukuluzi zikuposako pang'ono, komabe zabwino ndi zoipa zikadali mumtanga umodzi.

A KIPP eni ake mu 2011 anaulula kuti mwa ana awo oyambirira amene anamaliza giredi 8, mmodzi yekha mwa atatu ndi amene anali atamaliza digiri ya zaka zinayi. Chiwerengerochi chinali chokwera kwambiri poyerekeza ndi ana ena a m'mabanja osauka, koma chinali kutali ndi zimene ankalonjeza. Ine ndimawalemekeza poti sanabise.

Tsopano za malamulo, zimene ndikuona kuti ndi zimene zakusowetsani tulo. Mbiri imeneyi siyopeka. Ana ankaphunzitsidwa kukhala mowongoka, kugwedeza mutu posonyeza kuti akumva, ndi kutsata ndi maso aliyense amene akulankhula. Ku Houston, m'zaka zoyambirira, mwana wolakwa ankavala malaya a yunifomu chotembenuza, kukhala payekha, osaloledwa kulankhula ndi anzake mpaka atasintha. Ife amene tinakulira chikwapu ndi kutchetcha udzu tikhoza kuseka kuti chilango chake n'chomwechi, koma manyazi pamaso pa anzako pa zaka 11 amapweteka mwa njira yake. Otsutsa ankafunsanso kuti n'chifukwa chiyani ana akuda ndi a Chilatino (a m'mabanja ochokera ku Latin America) ndi amene amaleredwa mwa usilikali chonchi pamene ana a anthu olemera amaphunzira momasuka. Zambiri zasintha, ndipo mu 2020 KIPP inasiya ngakhale mawu ake otchuka aja olimbikitsa ana kulimbikira ntchito ndi kukhala abwino. Komabe sukulu iliyonse ili ndi mphunzitsi wamkulu wake, ndiye zimene zili papepala si zimene mungakapeze m'kalasi nthawi zonse.

Maganizo anga ndi awa: lembetsani dzina, popeza kulowa m'maere sikukumangani, ndipo malo akapezeka mukhoza kukana. Koma musanavomere, pitani pa sukulupo tsiku la maphunziro, osati tsiku la alendo lokonzedwa bwino lija. Imani m'khonde nthawi yosintha makalasi muone mmene aphunzitsi amalankhulira ndi mwana wochedwa. Funsani kuti mwa ana amene anayamba giredi 5 zaka zinayi zapitazo, ndi angati afika giredi 8 pa sukulu yomweyo. Funso limeneli ndi lolemera kuposa zotsatira za mayeso zimene amamata pakhoma, chifukwa sukulu imene ana ovutika amachokamo mwakachetechete imaoneka yanzeru popanda kuphunzitsa aliyense. Funsaninso kuti mphunzitsi wa masamu wakhalapo zaka zingati, ndiponso kuti mwana wotsalira amamuthandiza nthawi yanji.

Musaiwale za basi. Ngati mumagwira mashifiti ausiku, sukulu yoweruka mochedwa ikhoza kukuthandizani kapena kukusokonezerani zonse, malinga ndi kumene basi imatsitsa. Ndipo ngati za mapepala zikukudetsani nkhawa, Khoti Lalikulu la America linagamula mu 1982, pa mlandu wa Plyler v. Doe wochokera ku Texas komweko, kuti mwana sangakanizidwe sukulu ya boma chifukwa cha mapepala olowera m'dziko. Sukulu za charter nazonso zili pansi pa chigamulo chimenechi.