Kodi msonkhano wa pa vidiyo ungalowe m'malo mwa ulendo wokakumana ndi wogula?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe amene amagula mtedza ndi soya kwa alimi a ku Mchinji ndi ku Kasungu n'kumagulitsa kwa makampani. Iwo analemba kuti apeza wogula wa ku Johannesburg amene akufuna kuti ayambe akambirana pa Microsoft Teams asanapereke oda yoyamba, pamene iwo chimene anazolowera ndi WhatsApp basi. Alinso ndi antchito ku Mzuzu ndi ku Limbe amene amawayendera mwezi ndi mwezi, ndipo akufuna kudziwa ngati n'chanzeru kusiya maulendowo kuti misonkhano yonse izichitikira pa vidiyo. Zimene zikuwadetsa nkhawa ndi bandulo, kuzimazima kwa magetsi, komanso bambo wina wachikulire amene amayang'anira nyumba yawo yosungiramo katundu, yemwe amaona ngati n'chipongwe kukambirana nkhani zikuluzikulu pa foni.

Mayi, msonkhano ndi wogula wa ku Johannesburg uvomereni, ndipo maulendo a ku Mzuzu ndi ku Limbe achepetseni, koma musawathetse. Vidiyo ili ndi ntchito imodzi imene imelo ndi kuimbirana wamba sizingagwire, ndiyo kuonetsa. Munthu amene sanakuonenipo amafuna kuona nkhope ya amene akufuna kumutumizira ndalama, ndipo amafuna kutsimikiza kuti katunduyo alikodi, kuti matumba aunjikidwa pa mapaleti osati pa simenti pamene angakoke chinyontho. Pamene pali chinthu choti chionedwe, vidiyo imakupulumutsani ku ulendo wa makilomita oposa 300 pa msewu wa M1. Pamene palibe choti chionedwe, mukhala mukungotentha bandulo, ndipo pamene pakufunika kumanga mfundo, vidiyo payokha siikwanira.

Nkhani ya pulogalamu isakuvuteni. Wogulayo ndi amene adzakutumizireni linki, ndipo pa kompyuta mungalowe mumsonkhano wa Teams popanda kutsegula akaunti. Pa foni pokha m'pamene muyenera kuika pulogalamuyo, ndipo muiike dzulo lake, osati nthawi itakwana kale. Makampani ambiri akuluakulu amakonda Teams chifukwa imayendera limodzi ndi Outlook, Word ndi Excel zimene amagwiritsa ntchito kale m'maofesi awo, ndipo kuyambira pamene Microsoft inatseka Skype mu Meyi 2025, ambiri amene ankaimbirana pa Skype anasamukira komweko. Tsiku limene inuyo mudzakhale woitana msonkhano, kumbukirani kuti Zoom yaulere imadula pakatha mphindi 40, pamene Google Meet yaulere imalola mphindi 60 ngati muli anthu atatu kapena kuposerapo. Kudukidwa pakati pa kukambirana mtengo n'kochititsa manyazi, ndipo kumapatsa wogula mpata woganizanso. Kwa antchito anu a ku Mzuzu ndi ku Limbe, musawavutitse ndi mapulogalamu atsopano. WhatsApp imalola anthu okwana 32 pa vidiyo imodzi, aliyense akuidziwa kale, ndipo makampani a mafoni kuno ali ndi mabandulo ake apadera, ngakhale ndi bwino kufunsa kaye ngati bandulo imene mwagulayo imalola kuimba pa vidiyo. Ndionjezepo kuti mukadzayamba kuitanitsa makina kapena matumba kuchokera ku China, kumeneko WhatsApp ndi mapulogalamu a Google n'zotsekedwa ndipo amalonda amadalira WeChat, pamene ku Dubai kuimbirana pa WhatsApp nthawi zambiri sikutheka ngakhale mauthenga olemba amadutsa.

Tsopano za bandulo, zimene ndikudziwa kuti ndi pamene pagona mtima wanu. A Zoom amanena kuti anthu awiri oyankhulana pa vidiyo yooneka bwino amafunika liwiro la 600 kbps potumiza ndi 600 kbps polandira. Mukawerengetsa, zimenezi n'pafupifupi 540MB pa ola limodzi, ndipo chithunzi chikakhala cha HD zimapitirira 1GB. Mawu okha amafuna pakati pa 60 ndi 80 kbps, kutanthauza kuti ola lathunthu silifika ngakhale 100MB. Kusiyana kumeneku n'kumene kukuuzeni mmene mungayendetsere msonkhano: yatsani kamera pa malonje ndi pamene mukuonetsa katundu, kenako pemphani mwaulemu kuti nonse muzimitse makamera pamene mwayamba kukambirana mitengo, kulemera kwa matumba ndi masiku otumizira. Wogula wa ku Johannesburg sadzadabwa nazo, chifukwa nawonso kwawo anakhala zaka zingapo akulimbana ndi kuzima kwa magetsi, ndipo amadziwa kuti netiweki imafooka.

Chimene anthu ambiri amalakwitsa n'kuika mtima wonse pa chithunzi n'kuiwala mawu. Chithunzi chikamaima pang'ono msonkhano umapitirira, koma mawu akamadukaduka palibe chimene chingamveke, ndipo choopsa n'chakuti munthu amachita manyazi kufunsa kachitatu, ndiye amangovomera chimene sanamve. Gulani tizomvera m'makutu tokhala ndi maikolofoni, ngakhale totchipa ta chingwe, ndipo khalani m'chipinda chotseka chitseko, kutali ndi chigayo, jenereta kapena msewu wa minibasi. Khalani moyang'ana zenera kuti kuwala kugwe pankhope panu, chifukwa zenera likakhala kumbuyo kwanu wogulayo adzangoona chithunzithunzi chakuda. Foni muikhazike pa chinthu chokwera kufika m'maso mwanu, ngakhale pa mulu wa mabuku a malisiti, osati m'manja.

Za magetsi ndinaphunzira movutikira. Tsiku lina ndinali pakati pofotokozera kasitomala wakunja za mtengo, laputopu ili ndi moto wokwanira, ndipo magetsi atazima ndinapitiriza kuyankhula mokhutira kwa kanthawi ndithu ndisanazindikire kuti nkhope ya mnzangayo yauma pagalasi. Ndinali nditaiwala kuti kabokosi ka WiFi kamadalira magetsi a pakhoma. Pamene ndinkayatsa intaneti ya pa foni n'kuilumikiza ku laputopu, mphindi zingapo zinali zitapita, ndipo kasitomalayo anali atalowa kale mumsonkhano wina. Kuchokera tsiku limenelo ndimalumikiziratu foni ku laputopu msonkhano usanayambe, pawabanki ili pambali, ndipo ndimasunga ma SIM a makampani awiri osiyana kuti wina akafooka ndidumphire kwa mnzake. Ndimatumiziratunso nambala yanga ya WhatsApp pa imelo, n'kunena kuti tikadukidwa ndidzaimba pamenepo pasanathe mphindi ziwiri. Amene ali ndi Starlink, intaneti ya pa setilaiti imene inayamba kupezeka m'Malawi mu 2023, akumbukire kuti nayonso imafuna magetsi.

Pa nkhani ya nthawi muli ndi mwayi, chifukwa Lilongwe, Johannesburg, Lusaka ndi Harare zimayendera wotchi imodzi. Koma Dar es Salaam ndi Nairobi zili patsogolo ndi ola limodzi, Dubai ndi maola awiri, India ndi maola atatu ndi theka, China ndi maola 6, ndipo London imasinthasintha: imakhala m'mbuyo ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, kenako ndi maola awiri miyezi yotsalayo. Polemba nthawi ya msonkhano, nthawi zonse tchulani kuti ndi ya mzinda uti.

Tifike pa chimene wogulayo akufunadi kuona. Musamuonetse mtedza umene mwausankha kale n'kuuika m'mbale yokongola, chifukwa aliyense wogula mbewu amaudziwa mchitidwe umenewo. Lowani ndi foni m'nyumba yosungiramo katundu, tembenuzirani ku kamera ya kumbuyo imene imajambula bwino kuposa ya kutsogolo, yendani pang'onopang'ono m'mbali mwa mulu wa matumba, ndipo muuzeni kuti aloze yekha thumba limene akufuna. Litsitseni iye akuona, liikeni pa sikelo kuti awerenge makilogalamu, limasuleni, pisani mkono mpaka pakati, ndipo thirani mtedzawo m'mbale yoyera panja pamene pali kuwala kwa dzuwa. Aone kukula kwa njere, mtundu wa khungu lake, zosweka ndi zofwifwa, aone ngati mtedza wa mtundu wa CG7 wasakanikirana ndi wa Chalimbana. Ngati muli ndi kachipangizo koyezera chinyontho, yezani pomwepo n'kumuonetsa nambala. Mphindi zisanu zoterezi zimamanga chikhulupiriro kuposa maimelo khumi. Komabe musalole kuti vidiyo ilonjeze zimene singathe: poizoni wa chuku saoneka ndi maso, ndipo mtedza wowala bwino pa kamera ukhoza kukanidwa pa chipata cholowera m'dziko la wogula. Pamenepo pamafunika sampulo yeniyeni ndi chiphaso cha ku labotale, monga ya Malawi Bureau of Standards kapena ina imene wogulayo amaivomereza.

Palinso kakhalidwe kathu kena kamene kamasokoneza pa vidiyo. Ife munthu akamayankhula timamuthandiza ndi kuvomereza, timati "eya", "ndithu", "zoona", posonyeza kuti tikumvetsera. Pamaso ndi pamaso umenewu ndi ulemu, koma pa vidiyo mawu amafika mochedwerako pang'ono, ndipo pulogalamu imakonda kukweza mawu a munthu mmodzi n'kutsitsa a ena, moti "eya" wanu akhoza kumeza nambala imene mnzanu amatchula nthawi yomweyo. Gwedezani mutu, tsekani maikolofoni pamene simukuyankhula, ndipo mnzanu akamaliza dikirani kamphindi musanayankhe. Malonje musawadumphe, koma ndi alendo akunja afupikitseni. Ndi antchito anu vuto limakhala lina: achinyamata ndi amene ali pansi paudindo amangokhala chete, ndipo pa vidiyo simungaone amene akufuna kuyankhula koma akuopa. Atchuleni mayina mmodzimmodzi, ndipo ngati wa ku Mzuzu akufotokoza bwino m'Chitumbuka kuposa m'Chingerezi, mulekeni afotokoze momwemo wina atanthauzire.

Msonkhano ukatha, ntchito yofunika kwambiri imakhala isanayambe. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, ndipo lonjezo la pa vidiyo ndi fodya wa pachala. Tsiku lomwelo lembani imelo yofotokoza zimene mwagwirizana: matani angati, mtundu wanji wa mtedza, mtengo pa tani ndi ndalama ya dziko liti, amene alipire thiraki ndi zikalata za pa chipata, tsiku lotumizira, ndi nthawi yolipira. Pemphani wogulayo ayankhe kuti wavomera kapena akonze pamene mwasiyana. Mudzadabwa kuona kuti kawirikawiri anthu awiri amatuluka mumsonkhano umodzi aliyense atamva zake, wina akuganiza za mtedza wosenda pamene mnzake amanena wa makoko. Lamulo la dziko lino la 2016 loona za malonda ndi mauthenga a pa intaneti limazindikira zolembedwa za pa kompyuta, choncho imelo yoteroyo si pepala wamba. Kujambula msonkhano n'kotheka, koma pemphani chilolezo kaye, ndipo musadalire kuti tsiku la mkangano wina adzakhala pansi n'kumvetsera ola lathunthu kufunafuna chiganizo chimodzi.

Ndikuchenjezeninso kuti kuona nkhope pa vidiyo sikulinso umboni wokwanira. Kumayambiriro kwa 2024, wogwira ntchito wa kampani ya Arup ku Hong Kong anatumiza ndalama pafupifupi madola 25 miliyoni a ku America atachita msonkhano wa pa vidiyo ndi anthu amene ankaoneka komanso kumveka ngati mabwana ake, pamene nkhope ndi mawuwo zinali zopangidwa ndi kompyuta. Mwina akuba a mtundu umenewo sangataye nthawi ndi matani ochepa a mtedza, koma kusintha nambala ya akaunti ya kubanki pa invoyisi ndi chinyengo chofala chimene chimagwera amalonda ang'onoang'ono omwe. Fufuzani kampaniyo kudzera pa nambala imene mwaipeza nokha, osati imene yabwera ndi linki, ndipo aliyense akakuuzani pa vidiyo kuti akaunti yasintha, imbani kaye pa nambala yakale musanatumize kapena kutulutsa kalikonse. Mukamaonetsa chikalata pagalasi, tsegulani chikalata chokhacho, kuopa kuti wogula angaone mitengo imene mumagulira kwa alimi kapena mauthenga a wogula wina.

Za bambo amene amakusungirani katundu, ndikuona kuti akunena zoona pa mbali yaikulu. Malipoti a sabata ndi sabata, kuchuluka kwa matumba amene alowa, mtengo wa pamsika lero, zonsezi zingayende pa WhatsApp popanda wina kunyozeka. Koma katundu akasowa, wantchito akafunika kudzudzulidwa kapena kuchotsedwa, mukafuna kukambirana za malipiro, kapena pakagwa maliro pakhomo pa wantchito, kwerani basi mupite. Nkhani zoterezi zimafuna kuti munthu akuoneni mwakhala pampando m'chipinda chimodzi ndi iye, ndipo zambiri zimene muyenera kudziwa za nthambi yanu mumazimva panja msonkhano utatha, kwa mlonda kapena kwa amayi osankha mtedza, amene sadzalowa pa vidiyo. Ulendo wa mwezi ndi mwezi mukhoza kuusandutsa wa kamodzi pa miyezi itatu, n'kuonjezera pa nyengo yogula mbewu pamene ndalama zambiri zimadutsa m'manja mwa antchito.

Bambowo musawakakamize ndi malamulo ochokera pa foni. Tsiku la msonkhano ndi wogula wa ku Johannesburg mukhale nawo limodzi pamalo pamene pali katundu, muwatchule kwa wogulayo ndi udindo wawo, ndipo foni igwiridwe ndi wachinyamata wina. Thumba limene mlendoyo aloze alimasule ndi iwowo, ndipo akafunsa kuti mtedzawo unaumitsidwa bwanji ndiponso wakhala nthawi yaitali bwanji m'nyumbamo, ayankhe ndi iwowo, inu muzingotanthauzira.